Masitiki anga akuthyoka Lamlungu lililonse: oimba ng'oma amasankha bwanji?

Funso

Zikomo akuluakulu. Ndine mnyamata wa ku Ndirande, ndimaimba ng'oma za bandi kutchalitchi kwathu. Akulu ampingo anadandaula kuti ndimasokosa, ndiye ndinasiya masitiki a 5A n'kuyamba kugula a 7A poganiza kuti masitiki owonda achepetsa phokoso. Phokosolo silinachepe, koma tsopano masitiki akuthyoka pafupifupi Lamlungu lililonse ndipo zala zanga zachita matuza. Mnzanga amene amaimba reggae akuti ndigule 2B chifukwa sathyoka, wina akuti a nsonga ya nayiloni ndiwo amakhalitsa. Kodi akatswiri amayang'ana chiyani posankha masitiki?

Yankho

Achimwene, 2B musagule, ndipo 7A ija muisiye kaye. Zinthu zitatu mwatchulazo, phokoso, kuthyoka ndi matuza, gwero lake ndi limodzi: sitiki imene mwagwira sikugwirizana ndi mphamvu imene mukumenyera. Sitiki yowonda ilibe thupi loti itulutse mawu okhuta pa snare (ng'oma ya tiwaya kunsi kwake) ndi pa ma tom (ng'oma zina zomenya ndi sitiki, zopanda tiwaya). Khutu lanu likamva kuti ng'oma ikulira mopanda mnofu, mkono umawonjezera mphamvu wokha, inu osadziwa. Kuti kamtengo kowondako kasapulumuke, zala zimakafinya. Kufinyako ndiko kwabala matuza, mphamvu yowonjezerayo ndiyo ikudula khosi la sitiki, ndipo phokoso limene akulu ampingo ankadandaula nalo likadali pomwepo, mwinanso lakula, chifukwa ma cymbal, mbale zachitsulo zija, tsopano mukuchita kuwakwapula.

Oimba ng'oma sagwirizana pa nkhani ya masitiki, ndipo sadzagwirizana. Tony Williams, amene analowa gulu la Miles Davis mu 1963 ali ndi zaka 17, atakula ankaimba jazz ndi masitiki onenepa ngati 2B, pomwe anzake ambiri a jazz amakonda owonda. Akafuna kuti ng'oma zinong'one, zinkanong'ona ndi masitiki omwewo. Ndiye kuti kunenepa kwa sitiki si kumene kumalamula phokoso. Chimene woimba aliyense wokhwima amafuna n'chakuti dzanja likhale lomasuka pa mlingo wa phokoso umene amaimbira kawirikawiri, sitiki izigwira gawo lalikulu la ntchito. Mtundu wa mtengo, kutalika kwa khosi, kaumbidwe ka nsonga, zonsezi muziziyesa ndi funso limodzi: ndikagwira iyi, kodi ndifunika kufinya?

Manambala aja ndi osavuta. Nambala ikachepa sitiki imanenepa, choncho 7 ndi yowonda, 5 yapakati, 2 yonenepa. Zilembo zinachokera ku America kalekale, pamene B inali ya mabandi a malipenga, S ya oimba akuguba mumsewu, ndipo A ya magulu ofuna sitiki yopepukirapo. Lero chofunika kukumbukira n'chakuti pa nambala imodzi, B ndi yonenepa kuposa A. Ku kampani ya Vic Firth, 7A ndi mamilimita 13.7 m'mimba mwake ndi masentimita 39.4 m'litali, 5A ndi mamilimita 14.4 ndi masentimita 40.6, 5B ndi mamilimita 15.1, ndipo 2B ndi mamilimita 16 ndi masentimita 41.3. Onani kuti pakati pa 7A ndi 5A sipafika ngakhale milimita imodzi, koma dzanja limamva kusiyanako nthawi yomweyo. Onaninso kuti 7A ndi yaifupi. Mutasintha masitiki munataya sentimita yathunthu ya kafikidwe, ndiye n'kutheka kuti munayamba kugwirira kumapeto kwenikweni kuti mufikire crash (cymbal yotsindikira nyimbo), kumene sitiki sinjanja bwino.

Manambalawa alibe lamulo lomanga makampani onse. 5A yakale ya Promark ndi mamilimita 14, ya Vater imene amaitcha Los Angeles ndi 14.5, ndipo 5A yopanda dzina ya mumsika ikhoza kukhala china chilichonse. Muyeso wodalirika ndi dzanja lanu. Gwirani sitiki pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zinazo zingoikuta mosafinya. Nsonga za zala zikamabaya chikhatho, sitikiyo yakuwonderani. Zala zakumbuyo zikamalephera kuikankha momasuka, yakunenepetserani. Anyamata ambiri a manja aakulu amavutika ndi 7A pa chifukwa chokhachi, phokoso lili apo.

Tsopano mtengo wake. Masitiki ambiri padziko amasemedwa kuchokera ku hickory, mtengo wa kum'mawa kwa United States umene anthu kumeneko akhala akusemera mipini ya nkhwangwa ndi ya hamala. Ukagunda chinthu cholimba umameza kunjenjemera kwambiri, sukutumiza konse m'mkono, ndipo kawirikawiri umayamba wanyenyeka usanathyoke, kotero umakuchenjezani. Oak amene amasemera masitiki ndi wolemera komanso wolimba kuposa hickory. Herb Brochstein, amene anayambitsa Promark ku Houston mu 1957, ndiye anatchukitsa oak woyera wa ku Japan, ndipo Neil Peart wa gulu la Rush anaimba ndi masitiki a mtengo umenewu zaka zambiri. Amakhalitsa ndithu, koma kugunda kulikonse kumamveka mpaka m'chigongono, ndipo pa cymbal amalira mokuwa. Kwa munthu amene zala zake zili kale ndi matuza, oak si wothandiza.

Wachitatu ndi maple, ndipo uyu ndi amene ndikufuna mumuganizire. Ndi wopepuka kuposa hickory, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ubwino wake ndi wakuti mutha kugwira sitiki yonenepa, yodzaza dzanja, koma yosalemera. 5B ya maple imakupatsani chogwira chokwanira kuti musafinye, pomwe kulemera kwake kuli pafupi ndi 5A ya hickory. Oimba ambiri a m'malo ofuna phokoso lochepa amathawira kumeneku. Poipa pake m'pakuti maple sapirira mkombero wa snare. Ngati nyimbo zanu zimadalira kumenya chikopa ndi mkombero pamodzi pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi kulikonse, maple adzatha msanga, ndipo akathyoka sachenjeza, amangoti thyo.

Pali gawo la sitiki limene ogula ambiri saliyang'ana n'komwe, koma ndi limene limasiyanitsa masitiki awiri a nambala imodzi. Ikani awiri pamodzi muone pamene thunthu liyambira kuwonda kulowera kunsonga. Ena amayamba kuwonda patali, khosi n'kukhala lalitali ndi lochepa. Ena amakhala onenepa mpaka pafupi ndi nsonga, n'kuwonda mwadzidzidzi. Wa khosi lalitali kutsogolo kwake n'kopepuka, amanjanja msanga akagunda chikopa, ndipo amabwerera yekha m'dzanja. Wa khosi lalifupi kulemera kwake kuli kutsogolo, amagwa mwamphamvu, amatulutsa mawu aakulu inu musanachite khama, ndipo sathyoka wamba, koma kumudzutsa ndi ntchito yanu.

Apa m'pamene mtundu wa nyimbo umalowerera. M'matchalitchi ambiri kwathu kuno nthawi ya matamando imathera mu sebene, ndipo kamenyedwe kake kanachokera ku cavacha, kamene Meridjo Belobi wa Zaiko Langa Langa anayambitsa ku Kinshasa koyambirira kwa zaka za m'ma 1970 potsanzira kulira kwa mawilo a sitima pa njanji. Manja onse awiri amakhala pa snare kapena pa hi-hat (ma cymbal awiri ovundikirana, otsekedwa ndi phazi), osapuma, mphindi khumi kapena kuposa. Woimba sungura ya ku Zimbabwe nayenso dzanja lake siliona tchuthi pa hi-hat. Ntchito yotereyi ndi 2B ya khosi lalifupi, pofika pakati pa nyimbo mkono wawuma, liwiro likuyamba kutsika, ndipo oimba makwaya akukuyang'anani. Imafuna sitiki yonjanja, ya khosi lapakati kapena lalitali, yoti mukaiponya pachikopa ibwerere yokha inu mungoilondolera. 5A wamba ili m'gulu limeneli, n'chifukwa chake ndi imene imagulidwa kwambiri kulikonse.

Mnzanu wa reggae sakunama, koma akunena za ntchito yake. Mu one drop, kamenyedwe kamene Carlton Barrett wa The Wailers anatchuka nako, kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi) imagwa pa kugunda kwachitatu pamodzi ndi sitiki yogonekedwa pa snare imene imagogoda mkombero. Kugogoda kumeneko kumamveka kho wokhuta sitiki ikakhala yonenepa, ndipo ambiri amaitembenuza kuti tsinde lake ndilo ligunde mkombero. Komanso mnzanuyo amaimba panja kapena m'holo yaikulu, magitala ndi bass zili pamwamba, nyimbo zikuyenda modekha. Inu muli m'nyumba ya malata. Ngati mukufuna kho ameneyo pa nyimbo za reggae za kutchalitchi, tembenuzani 5A yanu, tsinde likhale kumkombero, mufufuze malo amene ikulira bwino, mulembe kamzere ndi cholembera kuti musamasochere. Mawu ake adzakukwanirani.

Za nayiloni, mnzanu winayo wanena theka la zoona. Nsonga ya nayiloni anaiyambitsa Joe Calato wa ku Niagara Falls mu 1958, atatopa ndi nsonga za mtengo zimene zinkabenthuka sitiki ikadali yabwinobwino, ndipo kampani yake ya Regal Tip inakulira pa nzeru imeneyo. Nsonga yotere sibenthukadi. Koma anu sakubenthuka nsonga, akuthyoka, ndipo pamenepo nayiloni alibe chochita. Choonjezera apo, nayiloni pa ride (cymbal yaikulu yosungira kugunda) ndi pa hi-hat amalira mowala, mothwa, ndipo mawu othwawo ndi amene malata, simenti ya pansi ndi makoma opanda kanthu zimabweza kwambiri. Agogo okhala pa benchi yakutsogolo akamati ng'oma zikusokosa, kawirikawiri sakunena kick kapena ma tom, akunena tswii wa ma cymbal ndi phwa wa snare. Kugula nayiloni ndi kuwonjezera chimene akudandaula nacho. Pa masitiki otsika mtengo kansongako kamathanso kuthothoka pakati pa nyimbo, ndipo chitsa chotsalacho chimaboola chikopa musanazindikire. Pamene nayiloni ali ndi phindu ndi pa ng'oma zamagetsi za zikopa zangati ukonde, poti nsonga ya mtengo yobenthuka imazing'amba.

Kaumbidwe ka nsonga ndi nkhani ya kukula kwa malo amene akukhudza. Kansonga kakang'ono kozungulira kamakhudza pang'ono, kamatulutsa mawu omveka bwino, ochepa, ofanana ngakhale sitiki itapendekeka. Nsonga yangati mbiya imakhudza malo aakulu ndipo imalira mokweza. Yosongoka ngati dontho la madzi, imene ili pa 5A ya Vic Firth, imapereka mawu ofunda, akuya, makamaka pa ride. Kutchalitchi sankhani ya mtengo, yaing'ono kapena ya dontho. Pa ng'oma zenizeni kusiyana kwa nsongazi n'kochepa, pa ma cymbal ndiye kumamveka.

Masitiki othyoka aja musawataye musanawayang'ane, chifukwa pamene athyokera pamanena chimene chikuwadya.

Akakhala okukutika pakati, ngati masentimita 12 mpaka 18 kuchokera kunsonga, ndi mkombero wa snare. Kumenya chikopa ndi mkombero pamodzi ndi luso labwino, koma kumakweza phokoso la snare kwambiri, ndipo m'nyumba ya malata sikufunika pa kugunda kulikonse. Oimba ambiri amachita zimenezi mosafuna chifukwa snare ili pamwamba kwambiri kapena yapendekekera kutali nawo. Itsitseni pang'ono, muipendeketsere kwa inu, mumenye pakati pa chikopa. Mkombero muusungire pamene nyimbo yafika pachimake.

Akakhala odyeka paphewa, pamene thunthu liyambira kuwonda, wolakwa ndi hi-hat. Milomo ya hi-hat ndi yakuthwa, ndipo ikakhala pamwamba sitiki imaigunda chopingasa, n'kumasemedwa pang'onopang'ono. Mukaona utuchi pansi pa hi-hat pakutha pa mapemphero, ndi umenewo. Itsitseni kufikira poti mutha kumenya pamwamba pake ndi nsonga mkono uli womasuka, phewa la sitiki lizigunda mlomo pokhapokha mukufuna kutsindika.

Akakhala oduka pakhosi, pafupi ndi nsonga, ndi crash, ndipo ndikukhulupirira kuti anu ambiri athyokera pamenepa. Crash yoimikidwa pamwamba, yosapendekeka, imakumana ndi sitiki mlomo ndi khosi. Ipendeketsereni pang'ono kwa inu. Musaimange kwambiri, izitha kugwedezeka, ndipo muonetsetse kuti zofewa zokhala pansi ndi pamwamba pa cymbal zilipo pamodzi ndi kapaipi ka pulasitiki kotchinga chitsulo. Pomenya musalowetse sitiki ngati mukufuna kutulukira kuseri. Idutseni cham'mbali, kumanja kapena kumanzere, igunde n'kuchoka. Cymbal imalira bwino koposa ikamenyedwa chotero, ndipo nayonso sichedwa kung'aluka ikamamenyedwa molunjika.

Akang'aluka m'litali, mng'alu wautali wopendekeka, vuto linali m'thabwa momwemo: mizere yake inadutsa chopingasa. Imeneyo si mlandu wa dzanja lanu, ndi wa posankha m'sitolo.

Ndiye tinene za m'sitolomo. Vic Firth mwiniwake anali woimba ng'oma zazikulu zotchedwa timpani mu Boston Symphony Orchestra, ndipo anayamba kupanga masitiki mu 1963 chifukwa amene ankagula anali okhota komanso osafanana. Kuyambira pamenepo makampani akuluakulu amaphatikiza masitiki awiriawiri poyesa kulemera ndi kalilidwe kake. Mayeso omwewo mutha kuchita nokha. Gubuduzani sitiki iliyonse pa galasi la kauntala, nsonga ikamavina ndiye kuti ndi yokhota. Igwireni mopepuka ndi zala ziwiri, muigogode pa kauntala kapena pansi, mumvetsere, kenaka inzake. Zikalira mosiyana kwambiri, dzanja limodzi lizidzamveka lolemera kuposa linzake ngakhale mutaimba molondola. Yang'anani mizere ya thabwa, iyende molunjika kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, popanda mfundo. Yolira mokwera pakati pa zinzake kawirikawiri imakhala yothithikana bwino. Wogulitsa akakana kuti mutsegule paketi, mwina pali chimene akudziwa.

Achinyengo alipo ambiri, olembedwa maina a makampani otchuka, opakidwa vanishi wonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanikizani chikhadabo pathunthu: hickory weniweni salola, mtengo wofewa umasiya chidindo. 5A ya hickory imalemera pafupifupi magalamu 50, ndiye ikamveka ngati bango m'dzanja, kayikirani. Zilembo zofufutika ndi mtengo wotsikitsitsa ndi zizindikiro zina. N'kutheka ndithu kuti ena mwa ma 7A anu sanali hickory n'komwe. Peyala imodzi yeniyeni imaposa mapeyala angapo achinyengo, ndipo ngati muli ndi mbale ku Johannesburg kapena mnzanu wopita ku Lusaka, mutumeni m'sitolo ya zida zoimbira, mumulembere nambala ndi dzina la kampani, asakangotenga zimene wapeza.

Ena amapita kwa akalipentala amene ali ndi makina ozunguza thabwa, aja amasemera miyendo ya matebulo. Ine sindinyoza zimenezo, makamaka pa masitiki ophunzirira kunyumba. Paini ndi malaina ndi zofewa, sizikhalitsa. Tsanya ndi phingo ndi zolemera moti zimamira m'madzi, zimapweteka mkono ndipo zikhoza kukuonongerani ma cymbal. Bulugamu wouma bwino amagwira ntchito, kungoti amakonda kupindika ndi kung'aluka pouma, choncho afunika kuumira pamthunzi miyezi ingapo asanasemedwe. Osema mipini ya makasu kwanuko amadziwa mitengo imene imapirira kugunda, afunseni. Chidutswacho chikhale chowaza ndi nkhwangwa, osati chocheka ndi sowo, pakuti chowaza chimatsata mizere ya mtengo. Mutengere kalipentalayo sitiki yeniyeni aone, chifukwa akasema pamtima amanenepetsa khosi ndipo sitiki sinjanja. Zitsulo zokha ayi. Alipo masitiki a aluminiyamu a kampani ya Ahead, amene Lars Ulrich wa Metallica amagwiritsa ntchito, koma amenewo ali ndi chikuto cha pulasitiki chosinthika ndipo anapangidwira ntchitoyo. Kachitsulo kowotcherera ku garaja kadzakuphwanyirani cymbal ya mpingo, imene mtengo wake ndi wa masitiki ambirimbiri.

Matuza adzachepa mukasiya kufinya, koma vanishi nayenso ali ndi mbali. Mwezi wa October, kapena kwa anzathu a ku Chikwawa ndi ku Mangochi pafupifupi chaka chonse, dzanja limatuluka thukuta, sitiki ya vanishi wambiri n'kuyamba kuterera, ndipo zala zimafinyanso. Ena manja awo ndi owuma, kwa iwo vanishi ndiye amagwira bwino akatenthedwa. Ngati anu ndi a thukuta, palani pogwirira ndi sandipepa wosalala pang'ono chabe, kungochotsa kunyezimirako. Alipo masitiki opanda vanishi ndi ena okutidwa ndi zangati labala pogwirira. Tepi ndi magulovu zimathandiza ena, koma poti matuza anu abwera ndi 7A, yambani mwachotsa chimene chawabweretsa. Pezaninso pogwirira poyenera: gwirani sitiki ndi zala ziwiri pafupifupi gawo limodzi mwa atatu kuchokera kutsinde, muisiye igwere yokha pa snare, muwerenge kunjanja kwake. Sunthani zala pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Pamene yanjanja kambiri m'pamene pali pogwirira pa sitiki imeneyo.

Nanga phokoso lija? Limachokera pa kutalika kumene sitiki ikugwera ndi liwiro lake. Sitiki yochokera masentimita 5 pamwamba pa chikopa singasokose, kaya ndi 7A kaya 5B. Yochokera kuseri kwa khutu idzasokosa, kaya ndi yowonda motani. Phunzirani kuimba nyimbo zomwezo masitiki osapitirira chikhatho chimodzi kuchokera pachikopa. Poyamba liwiro lidzakuthawani, chifukwa kuimba mofulumira ndi motsitsa nthawi imodzi n'kovuta kuposa kuimba mokweza, ndipo apa m'pamene woimba wokhwima amadziwikira. Dzanja la ku ma cymbal likhale lofewa kuposa la ku snare, phazi la kick likhale lolimba. Mpingo udzamva kugunda kovinitsa popanda kutseka makutu.

Pa nyimbo zopembedza zodekha pali chida china. Ndi timitengo tating'onoting'ono tomangidwa pamodzi, totchuka kwambiri ndi ta Promark totchedwa Hot Rods. Timatsitsa phokoso koma kugunda kumamvekabe. Mutha kupanga tanu ndi nsungwi: wazani tizidutswa towonda ngati tobayira nyama yootcha, totalika masentimita 40, mutipale tisalale, mumange khumi ndi tingapo pamodzi ndi tepi pogwirira ndi kalamba kena pafupi ndi kutsogolo. Kalambako mukakasunthira kunsonga mawu amalimba, mukakabwezera kumbuyo amafewa. Timitengoti sitipirira mkombero ndipo pa sebene sitinjanja mokwanira, choncho ndi ta nthawi yake.

Mukambiranenso ndi anzanu a kiyibodi ndi bass. Kawirikawiri woimba ng'oma amakweza chifukwa sakudzimva, wa kiyibodi n'kukweza sipika yake chifukwa ng'oma zakwera, mapeto ake mlandu umagwera amene alibe batani lotsitsira. Sipika yoyang'ana kwa inu ikatsika, manja anu adzatsika okha. Makutu anunso muwasamale. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso la madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu angakhalemo maola 8 pa tsiku, ndipo likakwera ndi madesibelo 3 okha nthawiyo imadulidwa pakati. Ng'oma za bandi zomenyedwa mwamphamvu zimapitirira 100. Makutu akamalira mukatuluka m'tchalitchi, gulani totsekera m'makutu ku famase.

Chogula chanu tsono ndi 5A ya hickory weniweni, nsonga ya mtengo. Imbani nayo mwezi wathunthu mutakonza kaimidwe ka snare, hi-hat ndi crash monga ndafotokozera. Pambuyo pake, ngati pali chosakukomerani, sinthani chinthu chimodzi chokha. Ikakhala yowonda m'dzanja koma kulemera kuli bwino, yesani 5B ya maple, kapena 55A ya Vic Firth imene ili pakati pa 5A ndi 5B. Ikakhala yaifupi, ilipo 5A yotalikitsidwa ndi sentimita imodzi ndi pang'ono. Ride ikamalira mosokonekera, sinthani nsonga yokha. Mukasintha zitatu pakamodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Masitiki olembedwa maina a oimba otchuka, monga akuda aja a Steve Gadd, ndi abwino, koma anasemedwa poyesa dzanja la mwini dzinalo ndi nyimbo zake, ndiye muwayese ngati ena onse.

Mukapeza yokuyenerani, muzigula mtundu womwewo nthawi zonse, mapeyala awiri ngati thumba lalola. Imodzi ikathyoka, inzake imapeza mnzake pa peyala yotsatira, mungoziyesa kalilidwe. Muzisinthanitsa ya kumanja ndi ya kumanzere pakati pa nyimbo, popeza ina imadyedwa ndi hi-hat pomwe inzake imadyedwa ndi mkombero. Musawasiye padzuwa, m'galimoto yotseka kapena pansi pa simenti nthawi ya dzinja, amapindika. Yobenthuka nsonga ichotseni pa ng'oma za mpingo isanaboole chikopa, ikagwire ntchito kunyumba pa pilo kapena pa labala yophunzirira. Ma 7A amene atsala asungeni m'chikwama, adzakuthandizani pa maukwati a m'nyumba zing'onozing'ono kapena mukamaphunzitsa ana a Sande sukulu, amene manja awo ndi a muyeso umenewo.